Mchenga Ukachita Dzimbiri: Ndere Zofiirira M'thanki Yatsopano ya Madzi Amchere

## Ndowa ili m'manja

Thanki yatha masabata awiri kapena atatu chiidzazireni. Madzi ali mbee, mchenga uli woyera, miyala ikuonekabe monga inalili potuluka m'katoni. Mwakhala mukuyeza madzi tsiku ndi tsiku: amoniya ndi nitrite, zinthu ziwiri zoopsa kwa nsomba, woyambayo watsika, wachiwiriyo wayamba kugwa, mtima wayamba kukhala m'malo. Ndiye dzana munayatsa nyale, kungofuna kuona mmene thankiyo idzakongolere nsomba zikadzalowa. Lero m'mawa mwapeza timadontho tofiirira pamchenga, ngati dzimbiri pachitsulo chogona panja. Pofika madzulo timadonthoto tagwirana. Pakangotha masiku atatu, galasi lakutsogolo lachita chifunga chabulauni, miyala yada pamwamba pomwe kuwala kukugwera, koma mukasuzumira kunsi kwake ikadali yoyera.

Apa m'pamene munthu amathamangira ndowa. Maganizo amabwera mothamangitsana: ndichotse madzi theka, nditulutse miyala ndikaikweche ndi burashi, ndigule mankhwala opha ndere, mwina ndingoyambiranso. Ndalama zimene zalowa m'thankimu si zochepa, ndipo kuona chinthu choyera chikuda m'masiku atatu kumawawa ndithu.

Ikani ndowayo pansi kaye. Zimene muchite panthawi imeneyi n'zimene zidzachititse kuti zofiirirazi zithe zokha m'masabata awiri kapena anayi, kapena kuti mulimbane nazo miyezi yathunthu, kapenanso kuti muzithamangitse n'kuitana china choipa kuposa izo. Nderezi zikudya chakudya chimene chimatha. Ntchito yanu ndi kupeza khomo limene chakudyacho chikulowera, kulitseka, n'kuzisiya zimalize chotsalacho.

## Fumbi lamoyo lovala galasi

Zimene mukuonazo ndi ma diatom. Ndi ndere, koma si zija zaulusi zobiriwira. Aliyense ndi selo limodzi lokha, laling'ono moti maso sangalione palokha, ndipo selolo limadzimangira chigoba cha silika, chinthu chomwecho chimene amapangira galasi. Chigobacho chili ndi zigawo ziwiri zovindikirana, ngati kabokosi ndi chivindikiro chake. Kufiirirako kumachokera ku utoto wotchedwa fucoxanthin, umene umabisa kubiriwira kwa m'kati. M'nyanja zamchere alipo osawerengeka, moti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a okosijeni amene zomera zimatulutsa padziko lonse limachokera kwa iwo. Amene amamera pamchenga ndi pagalasi la thanki savulaza nsomba.

Nkhani yonse yagona pachigoba chija. Selo likafuna kugawikana kukhala awiri, limayenera kupanga theka latsopano la chigoba. Popanda silika wosungunuka m'madzi silingathe, kuwala kutachuluka bwanji, zakudya zina za ndere, nitrate ndi phosphate, zitadzaza bwanji. Zonse zikakhalapo, limagawikana pafupifupi kamodzi patsiku. N'chifukwa chake amadzidzimutsa: kadontho ka Lolemba pofika Lachisanu kachuluka ka 16.

Nanga n'chifukwa chiyani amabwera nthawi yokhwimitsa thanki, ija oweta nsomba amaitcha cycling, pamene mumaweta mabakiteriya osandutsa amoniya kukhala nitrite, kenako nitrate? Chifukwa zinthu zinayi zimakumana pamodzi. Silika alipo wambiri, wochokera m'mchenga watsopano, m'miyala ndi m'madzi odzazira. Nitrate wayamba kuunjikana, poti mabakiteriya ayamba kugwira ntchito. Nyale yayaka. Ndipo malo onse ali pululu: pamwala wouma palibe ndere zina, palibe tizilombo todya ndere, palibe chilichonse chopikisana nawo. Ma diatom ndiwo othamanga kwambiri pa onse, ndiye amafika poyamba. Thanki yoyambidwa ndi miyala youma imafiirira kwambiri kuposa yoyambidwa ndi miyala yamoyo yochokera m'thanki yakale, chifukwa yamoyoyo malo ake ali kale ndi eni ake.

Chinthu chimodzi musanyengeke nacho: kubwera kwa ma diatom si umboni wakuti thanki yakhwima. Kawirikawiri zimachitikira limodzi, koma umboni weniweni uli m'zoyezera madzi.

## Tsimikizani kaye kuti ndi iwowo

Si zofiirira zonse zimene ndi ma diatom. Pali zina ziwiri zimene zimafanana nawo ukaziona patali, koma njira zothana nazo n'zosiyana, zina n'zosemphana kumene.

Tengani sirinji yaikulu yopanda singano, ikokereni madzi a m'thankimo, mupopere pamwala pamene pafiirira. Ma diatom amauluka ngati fumbi, mwala n'kutsala woyera. Mukapititsa chala pagalasi amachoka mosavuta, ndipo kuchala kumamveka kukhakhala pang'ono, osati kuterera. Amene ali pagalasi ndi pamiyala amakhala pomwepo usana ndi usiku.

Cyano, amene kwenikweni ndi mabakiteriya, amayala ngati nsalu yoterera, yofiira moderako, nthawi zina yakuda kapena yobiriwira. Mukamupopera amasendeka chathunthu ngati chikopa, ndipo amasunga timathovu ta mpweya. Amakonda m'makona momwe madzi sakuyenda bwino.

Oopsa ndi ma dinoflagellate, tizamoyo tina ta selo limodzi, amene ambiri amangoti ma dino. Amaoneka ngati mamina abulauni, timaulusi tolendewera tokhala ndi kathovu kunsonga. M'mawa nyale isanayake mchenga umaoneka woyera, pofika masana abwereranso, chifukwa mitundu ina usiku imasambira m'madzi, ina imalowa pansi pamchenga. Ina, monga Ostreopsis, ili ndi poizoni: nkhono zikadya zimafooka, zimagwa pagalasi, zimafa. Ngati mukukayika, kokerani zofiirirazo m'kabotolo pamodzi ndi madzi, khutchumulani mwamphamvu, sefani papepala losefera khofi, madzi osefedwawo muwaike pamalo owala. Ngati patatha theka la ola kapena ola m'madzimo mwapangikanso timaulusi kapena timabuluma, amenewo ndi ma dino. Ma diatom sadzisonkhanitsa choncho.

Maikulosikopu yotchipa yokuza ka 100 mpaka 400 imathetsa mtsutso wonse. Ma diatom amaoneka ngati timabwato kapena timitengo tagalasi, ena ali duu, ena akutsetsereka pang'onopang'ono. Ma dino ndi obulungira kapena osongoka mbali imodzi, ndipo amazungulirazungulira. Kwa munthu amene watsimikiza zoweta za m'madzi amchere, chipangizochi ndimachiona chofunika kuposa mabotolo ambiri a mankhwala amene amagulidwa mwamantha.

## Silika akulowera pati?

Makomo ake ndi ochepa. Loyamba ndi mchenga ndi miyala. Mchenga woyenera thanki ya madzi amchere ndi wa aragonite, umene ndi calcium carbonate osati silika. Umabwera ndi fumbi ndi tizinyalala tina, koma timeneti timatha. Mchenga wa quartz, monga womangira nyumba, wonsewo ndi silika. Umasungunuka pang'onopang'ono kwambiri, koma fumbi lake losalala limasungunuka msangako. Ngati simukudziwa mchenga umene muli nawo, tapani supuni imodzi, muutsuke, muthirepo viniga. Aragonite amachita thovu, quartz amangoti zii.

Galasi la thanki ndi silikoni womatira m'makona anthu amangozinamizira. Galasi silisungunuka mokwanira kudyetsa ndere, ndipo silikoni nayenso sasungunuka m'madzi.

Khomo lalikulu ndi madzi. Madzi apampopi ndi apachitsime amadutsa m'miyala ndi m'dothi, ndipo amatola silika, kawirikawiri mamiligalamu angapo pa lita, mwina mpaka 20 kapena kuposerapo. Mankhwala ochotsa klorini samukhudza. Kuwiritsa sikumuchotsa, kumangochepetsa madzi, iye n'kutsala yense. Ndipo vuto si madzi odzazira poyamba okha. Thanki imaphwa tsiku lililonse, madzi amauluka ngati nthunzi, ndipo mumayenera kuwonjezera madzi opanda mchere. Tiyerekeze thanki ya malita 200 imene ikuphwa malita 2 patsiku, ndipo madzi owonjezerawo ali ndi mamiligalamu 10 a silika pa lita. Ndiye kuti tsiku lililonse mukuthiramo mamiligalamu 20, pasabata 140. Ma diatom sangathe, poti mukuwaphikira tsiku ndi tsiku.

Tsopano taganizirani wothamangira ndowa uja. Wachotsa malita 100, wasungunula mchere m'madzi omwewo apampopi, wathira. Walowetsa mamiligalamu 1000 a silika nthawi imodzi. Mawa lake thanki ikuwala, iye n'kumati ndapambana. Patatha masiku anayi yafiirira kuposa poyamba, iye n'kusinthanso madzi. Anthu ambiri amene amati ma diatom awo sakutha ali m'bwalo limeneli.

Madzi oyenera, odzazira ndi owonjezera omwe, ndi osefedwa ndi makina a RO/DI. M'makinamo madzi amadutsa pasefa yogwira matope, kenako pamakala ochotsa klorini, kenako pa membrane, sefa yopyapyala ya timabowo tosaoneka, imene imatsekereza 95 mpaka 98 peresenti ya zosungunuka, pomaliza pa timikanda ta resin timene timagwira zotsalira. Otuluka kumapeto ayenera kuonetsa 0 pakachipangizo ka TDS, koyezera kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi.

Koma apa pali pobisalira, ndipo ngakhale odziwa amagwapo. Kachipangizo ka TDS kamayeza mmene madzi akupititsira magetsi. Silika wosungunuka sapititsa magetsi kwenikweni, choncho kachipangizoko sikamuona bwino. Chinanso, resin imamugwira mofooka. Ikayamba kudzaza, zinthu zina zogwira mwamphamvu zimamukankha, iye n'kukhala m'gulu loyamba kutuluka, nthawi zina wochuluka kuposa amene akulowa. Ndiye mukhoza kumaona 0, kumadzilimbitsa mtima, pamene mgolo wanu wosungiramo madzi osefedwa wadzaza chakudya cha ma diatom.

Musadikire kuti TDS ifike pa 2 kapena 3. Ikangoonetsa 1, sinthani resin. Ngati resin yanu ndi yosintha mtundu, isintheni mtunduwo usanafike kumapeto kwa botolo. Chabwino koposa ndi kukhala ndi mabotolo awiri a resin otsatizana, loyamba likatha lachiwiri n'kumagwirabe. Nthawi iliyonse poyatsa makina, madzi otuluka pa membrane m'mphindi ziwiri kapena zitatu zoyamba muziwataya asanafike pa resin, chifukwa makina akagona, zosungunuka zimawolokera mbali yoyera ndipo madzi oyambawo amadya resin msanga. Yezaninso membrane payokha. Ngati apampopi akuonetsa 200, otuluka pa membrane azionetsa 4 mpaka 10. Akamaonetsa 20 kapena 30, mwina membrane yatha, mwina mphamvu ya madzi olowa ndi yochepa. Membrane imafuna mphamvu ya madzi ya pafupifupi 4 bar. Makala nawonso azisinthidwa pa nthawi yake, poti klorini akadutsa amawononga membrane.

Mukagula choyezera silika, yezani madzi a mumgolo, osati a m'thanki. A m'thanki akhoza kuonetsa 0 ma diatom ali tho, chifukwa akumumeza akangolowa. Madzi ogula osefasefa nawonso ayezeni, musangokhulupirira zolembedwa pachigubu.

## Nyale

Mabakiteriya amene mukuweta panthawiyi safuna kuwala. Ngati m'thanki mulibe makorali (zamoyo za m'nyanja zomera pamiyala) kapena miyala yamoyo yokhala ndi zomera zofuna kuwala, nyale ikhale yozima mpaka thanki itakhwima. Onaninso dzuwa lolowera pawindo. Ola limodzi la dzuwa lowomba pagalasi limakwanira kufiiritsa mbali imeneyo.

Koma mdima suchotsa silika. Umangochedwetsa. Mukazimitsa nyale masiku atatu ma diatom amachepa, mukayatsa amabwerera, chifukwa chakudya chawo chinali kuwadikira. Ine ndimaona kuti thanki ikakhwima, ndi bwino kuyatsa nyale maola 6 patsiku, pamphamvu yochepa, n'kulola ma diatom abwere adye silikayo inu mukuwakolola. Ndi bwino nyengo imeneyi idutse pamene m'thanki mulibe makorali oti angakwiririke, kusiyana n'kuti idzakupezeni mutaika kale zamtengo wapatali.

## Zoti manja achite

Kukolola kumathandiza pachifukwa chimodzi: diatom aliyense amene mwamutulutsa m'thanki watuluka ndi silika wake. Amene wafera momwemo chigoba chake chimasungunuka pang'onopang'ono, silikayo n'kubwerera m'madzi. Choncho kupukuta kokha sikukwanira, fumbilo liyenera kugwidwa.

Ikani thonje losefera, kapena kathumba kosefera ka ma micron 100 mpaka 200, pamene madzi amadutsa. Pukutani galasi ndi maginito opukutira tsiku lililonse kapena modumphitsa tsiku. Musafike nawo pamchenga penipeni, siyani masentimita awiri. Kamchenga kamodzi kakalowa pakati pa maginito ndi galasi kamasiya mzere umene sudzachokanso. Mzere wotsala m'munsiwo muupale ndi kakhadi kapulasitiki. Mukatha, poperani miyala ndi sirinji kuti fumbi liuluke, dikirani ola limodzi madzi ayere, kenako chotsani thonjelo. Lisakhalemo kupyola masiku awiri kapena atatu, poti limayamba kuola n'kubweza zonse zimene linagwira. Ngati muli ndi protein skimmer, chipangizo chochotsa zinyalala m'madzi pogwiritsa ntchito thovu, iziyenda. Imakoka gawo lina la fumbilo.

Pamchenga, gwiritsani ntchito payipi yopyapyala kukoka pamwamba pokha, kamodzi pasabata. Musavundule mpaka pansi. Ngati thanki sinakhwime ndipo simukufuna kutaya madzi, akokereni m'ndowa kudzera m'kathumba kosefera, muwabwezere.

Miyala musaitulutse. Mabakiteriya osandutsa amoniya sakhala m'madzi kwenikweni, amamatirira pamiyala, pamchenga ndi m'sefa. N'chifukwa chake kusintha madzi sikuwononga kukhwima kwa thanki, koma kutsuka mwala pampopi, kuuumitsa, kapena kuuviika m'mankhwala oyeretsera kumabweza ntchito yonse m'mbuyo. Ndipo mwala wokwechedwa mpaka kuyera ndi malo atsopano opanda mwini, ma diatom ndi amene adzayambenso kufikapo. Mankhwala opha ndere, makamaka okhala ndi kopa (mkuwa), asayandikire n'komwe. Kopa amalowerera m'miyala ndi m'mchenga, n'kudzapha nkhono ndi makorali amene simunagule n'komwe.

Zina zonse zingokhala zokhazikika: mchere pa 35 ppt (magawo 35 mwa 1000), kapena 1.026 poyeza kulemera kwa madzi, kutentha pa madigiri 25 mpaka 26, ndi mapampu oyendetsa madzi onse a m'thanki ka 10 mpaka 20 pa ola, kuti fumbi lisakhale ndi pokhazikika. Ngati pali kona imodzi imene imafiirira msanga kuposa ena onse, tembenuzirani pampu chakumeneko.

## Amoniya musamuthire ngati mukuthirira munda

Silika ndiye amatsegula khomo, koma nitrate ndi phosphate ndiwo amanenepetsa ndere, ndipo ambiri amawaunjika okha osadziwa. Pokhwimitsa thanki yopanda nsomba, amoniya amathiridwa dala kuti adyetse mabakiteriya. Amoniya 1 ppm (pafupifupi miligalamu imodzi pa lita) akasandulika amapereka nitrite pafupifupi 2.7, kenako nitrate pafupifupi 3.6. Munthu wothira 2 ppm tsiku lililonse kwa masabata awiri, poopa kuti mabakiteriya afa ndi njala, amamaliza ndi nitrate wokwana pafupifupi 100 ppm. Mabakiteriyawo safa ndi njala ya masiku ochepa.

Njira yake ndi iyi. Thirani ammonium chloride mpaka 2 ppm, dikirani atsike, nitrite akwere n'kutsikanso. Kenako thiraninso mpaka 2 ppm ngati mayeso. Ngati pakutha pa maola 24 amoniya wafika pa 0, ndipo nitrite wapita kapena watsala pang'ono, thanki yakhwima. Popanda mabakiteriya ogula a m'botolo zimatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, nawo zimafulumirako. Njira yakale yoponyamo chidutswa cha nyama ya m'madzi kuti chiole imagwira, koma simudziwa kuchuluka kwa amoniya ndi phosphate amene mwathira.

Nitrate musamuyeze nitrite akadalipo. Zoyezera zambiri zimayamba zasandutsa nitrate kukhala nitrite, ndiye nitrite wochepa yemwe amachititsa kuti zionetse nambala yaikulu yabodza. Zoyezera zina za amoniya nazonso zimakakamira pa 0.25 m'madzi amchere ngakhale mulibe; yerekezani ndi madzi ongosakaniza kumene kuti muone 0 wake amaoneka bwanji.

Thanki ikakhwima, ngati nitrate wapyola 20, apa m'pamene ndowa ija ili ndi ntchito. Sinthani 25 mpaka 50 peresenti kamodzi, ndi madzi amene mwawatsimikizira, ofanana mchere ndi kutentha. Kuchokera pamenepo 10 peresenti pasabata n'zokwanira.

## Nkhono

Amoniya ndi nitrite akafika pa 0, lowetsani odya fumbi. Nkhono za Trochus ndizo zodalirika pagalasi ndi pamiyala, ndipo zikagwa chagada zimatha kudzitembenuza. Za Astraea zimadya bwino, koma zikagwera pamchenga chagada kawirikawiri zimalephera kudzuka, ndipo mukapanda kuzitembenuza zimafa. Za Cerith zimagwira ntchito pamchenga ndi m'mphepete mwa galasi, makamaka usiku. Za Nerite zimapala galasi mwaukhondo koma zimakwera n'kutuluka, choncho zimafuna chivindikiro. Za Nassarius ambiri amazigula molakwitsa: sizidya ndere, zimadya zotsalira za chakudya cha nsomba, ndipo m'thanki yopanda nsomba zimangovutika ndi njala. Tizilombo tating'ono totchedwa ma copepod, monga Tisbe ndi Tigriopus, natonso timadya ma diatom ndipo timaswana tokha.

Yambani ndi zochepa. M'thanki ya malita 200, nkhono zisanu kapena zisanu ndi imodzi n'zokwanira poyamba. Ma diatom ndi chakudya chakanthawi. Mukagula nkhono 30 lero, pakutha pa mwezi zidzakhala pagalasi loyera popanda chodya, zizifa imodziimodzi, ndipo iliyonse yofera kuseri kwa mwala imakweza amoniya m'thanki imene mabakiteriya ake akadali ochepa. Nkhono imene yakhala malo amodzi masiku awiri itulutseni muinunkhize. Yakufa siibisika.

Nkhono sizipirira kusintha kwa mchere kwadzidzidzi. Ziikeni m'kambale ndi madzi amene zabwera nawo, mudonthezeremo madzi a m'thanki kwa mphindi 30 mpaka 60, kenako muziike pamwala moyang'ana pansi. Madzi a m'thumba asalowe m'thanki.

## Kuyeretsa mopyola kumaitana ma dino

Pali njira imodzi yothamangitsira ma diatom imene imaoneka yanzeru: kuika GFO, timiyala tachitsulo tofiira timene timayamwa phosphate ndi silika, n'kumasintha madzi kawirikawiri, skimmer ikukoka mwamphamvu, nsomba kulibe kapena zikudya pang'ono. Pasanathe nthawi zoyezera zimaonetsa nitrate 0, phosphate 0, ma diatom apita. Munthu amasangalala sabata imodzi kapena awiri. Kenako pamchenga pamatuluka mamina aja okhala ndi timathovu.

Ma dino amatha kukhala ndi moyo pamene chakudya chachepa kwambiri, pamene ndere zina ndi tizilombo topikisana nawo tafooka. M'thanki yatsopano, imene miyala yake ilibe eni ake, kutsitsa zonse mpaka 0 n'kuwasesera bwalo. Ndipo iwowa satha okha m'masabata atatu, amatha kutenga miyezi. Umboni wakuti ma diatom si adani ndi uwu: anthu amene ma dino awavuta, ena amachita kuthira silika dala m'thanki kuti ma diatom abwerere n'kulanda malowo.

Choncho thanki yatsopano isiyireni chakudya pang'ono. Nitrate akhale pakati pa 5 ndi 10 ppm, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. GFO muiganizire pokhapokha phosphate atakwera kwambiri n'kukana kutsika, zimene zimachitika ndi miyala ina youma imene imatulutsa phosphate wakale. Ngakhale pamenepo yambani ndi theka kapena gawo limodzi mwa anayi a mlingo wolembedwa, muziyeza kawiri pasabata, ndipo muichotse musanafike pa 0.

## Akamapita, ndi akakana kupita

Kupita kwawo sikuchitika tsiku limodzi. Mumangozindikira kuti galasi limene linkafuna kupukuta tsiku lililonse tsopano likutha masiku atatu. Njira zimene nkhono zadutsa sizikutsekeka msanga. Kufiirira kwa pamchenga kukuzilala, kukusanduka timagamba apa ndi apo. Kenako pagalasi pamayamba kugwira kobiriwira, ndipo pamiyala pamatuluka timaubweya tobiriwira. Imeneyo ndi nyengo yotsatira, ya ndere zosafuna silika. Apo onjezerani nkhono ziwiri kapena zitatu, zulani zaulusi ndi dzanja zisanatalike, ndipo nthawi ya nyale muziikweza ndi theka la ola pasabata mpaka maola 8 kapena 9. Patapita miyezi ingapo, ngati calcium ali pafupi ndi 420 ppm, alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) pa 8 dKH ndi magnesium pafupi ndi 1300 ppm, pamiyala pamayamba timadontho tapinki tolimba ta ndere zabwino zotchedwa coralline, ndipo pamene imeneyo yagwira, zofiirira sizipeza pokhala.

Ngati patha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu ndipo fumbi likubwerera ndi mphamvu yomweyo, silika akulowabe penapake. Yambirani pamadzi owonjezera: sinthani resin ngakhale TDS ikuonetsa 0, tayani madzi a mumgolo, sefani atsopano. Onani mgolowo ngati unasungirapo madzi apampopi. Yesani mchenga ndi viniga. Sungunulani mchere wanu m'madzi amene mwawatsimikizira kuti alibe silika, muyeze. Akapezeka, wachokera mumcherewo. Sinthani chinthu chimodzi, dikirani masabata awiri, kenako china, apo ayi simudzadziwa chimene chinathandiza. Zonsezi zikakhala bwino koma zofiirira zilipobe, bwererani ku pepala losefera ndi maikulosikopu, mwina mwakhala mukulimbana ndi ma dino.

Ma diatom adzabweranso pang'ono nthawi iliyonse imene mwawonjezera mchenga watsopano kapena mwala wouma, n'kuzimiririka pakatha sabata kapena awiri. Koma thanki ikadzakhala ya chaka chimodzi, simunaikemo chatsopano chilichonse, ndiye m'mawa wina n'kuona dzimbiri lija pamchenga, musayambe n'kugwira thanki. Pitani mukayang'ane botolo la resin.